Tsiku Limene Pampu ya a Maybin Inadwala

Nkhaniyi anandiuza ndi Tomasi, womata machubu pa boma la Chadiza, tsiku limene njinga yanga inaphulika matayala onse awiri ngati anachita kupangana. Ine ndayenda ndithu, ndagona m'makhonde mwa anthu osawadziwa kuyambira ku Vubwi mpaka ku Sinda, koma sindinaonepo munthu wochedwetsa chigamba ngati Tomasi akakhala ndi nkhani pakamwa. Chubu chimodzi anamata maola awiri. Ndikupatsani monga anandipatsira, ndangochotsako malovu.

Panali mbava zitatu, ndipo pulani yawo inaphikidwa Lachiwiri masana pansi pa mtengo wa mango kwa Vivian, mayi wa masese otchuka ku Zemba konse. Mkulu wa gululo anali Agostino, amene ankakakamiza anthu kuti azimutchula Dayilekita. Kampani sanayendetsepo ngakhale ya mandasi, koma anali ndi jekete ya matumba asanu ndi limodzi ndi cholembera chimene chinasiya kulemba kalekale. Wachiwiri anali Yoweli, chimunthu cha mapewa ngati goli la ng'ombe. Ameneyu ankamuti Giya Wani, chifukwa kuyenda, kuganiza, ngakhale kuseka, zonse ankachita ngati lole yokwera chitunda. Wachitatu ndiye wathu, Zangaphee, dzina la pamowa Sipeya, poti ankamukumbukira pokhapokha wina akasowa.

Zangaphee anali mkamwini ku Zingalume. Nyumba, munda, nkhokwe, ngakhale chitsa chimene ankakhalira, zonse zinali pa nthaka ya kuchikazi. Chaka chapitacho mbuzi ya oyandikana nawo inasowa, chikopa chake n'kupezeka chitayanikidwa kuseri kwa bafa yake. Atsibweni a mkazi wake sanachulutse mawu. Anati akadzangomvekanso ndi nkhani yotere, abwerera kwawo yekha, mkazi wake Dailesi ndi kamwana kawo kakakazi, Tadala, atsala. Ndipo Zangaphee, manja ake anali aatali inde, koma Dailesi ankamukonda mpaka anzake kumamuseka nazo.

"Anyamata, tcherani makutu, izi sindibwereza," anatero Dayilekita akugogoda chipanda ndi cholembera chija. "A Maybin a matimati agula pampu. Yofiira, yatsopano, mapepala ake sanamatuke n'komwe. Lachinayi lililonse iwo amapita ku Chipata ndi mabokosi. Wantchito amathirira m'mawa wonse, dzuwa likafika paliwombo amazimitsa n'kupita kukadya. Ola lathunthu pampu ili yokha m'dimba. Wogula ndamupeza kale, wa kutsidya kwa malire. Adzatidikira ndi ngolo pa mkuyu waukulu uja, msewu wa ku kiliniki."

"Ine mundichotsemo," anatero Zangaphee. "Mukudziwa mmene zilili kwathu."

"Kwanu? Uli ndi kwanu iwe, Sipeya? Nyumba ya udzu yodontha, pa malo a eni. Tangoganiza utakhomapo malata. Dzuwa likawala, mudzi wonse maso kuthobwa. Ndani adzatchulenso za mbuzi?"

Zangaphee anayang'ana m'chipanda. M'masesemo anaona malata, anaona Dailesi ali m'nyumba mvula ikugwa, osatchera mabeseni pansi. Sanayankhe, ndipo kwa Dayilekita kusayankha kunali kusayina.

Apa Giya Wani, amene anali akutafunabe mawu oyamba aja, anafika. "Pampu imalemera. Kuchoka kudimba kukafika pa mkuyu ndi kutali. Tinyamula pa chiyani?"

"Funso la nzeru, langochedwa," anatero Dayilekita, n'kutulutsa foni m'thumba lachinayi. "Mbava zamakedzana zinkasenza pamutu. Ife tiitanitsa galimoto."

Apa ndiyenera kukufotokozerani, inu amene simunafike kumeneko. Kale munthu unkaima pamsewu kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo minibasi zikati zibwere zinkabwera zitatu motsatana, apo ayi osabwera n'komwe. Ndiye alimi ndi eni magalimoto anapanga bungwe lawo, Tikwere Tonse. Ali ndi minibasi ziwiri, njinga zamoto zisanu ndi zinayi, ndi kachipinda kamodzi pa boma. M'kachipindamo mumakhala Petronella, amene madalaiva amamuti Mayi Choko. Pakhoma ali ndi bolodi lakuda lomwe anajambulapo misewu yonse, mijigo, masukulu, milatho, ndi mitengo ikuluikulu imene anthu amadikirirapo. Galimoto iliyonse ndi chotsekera cha botolo chomata ndi phula, ndipo amachisuntha dalaiva akangonena pamene wafika. Iwe umaimba foni, iye amakuphatikiza ndi anthu ena a njira yako, galimoto n'kubwera kamodzi kudzakutolani nonse. Mayiyu mpando wopanda munthu umamupweteketsa mutu.

"Vuto lake ndi limenelo," anatero Zangaphee. "Mayi Choko satumiza galimoto kwa anthu atatu. Amati dikirani a njira yanu akwane. Tidzakhala pamsewu ndi pampu ya eni mpaka a Maybin adzatipeze, atipatse moni."

Dayilekita anamwetulira ngati munthu amene wakhala akudikira funso limeneli kuyambira Lolemba.

"Wodwala sadikira. Ndi lamulo lawo, ndinaliwerenga ndekha pachitseko. Ukati pali wodwala, galimoto imasiya zonse, imabwera, imalunjika ku kiliniki. Ndipo mkuyu uli panjira yomweyo. Pampu ija, anyamata, Lachinayi ndi agogo athu. Tiwafunditsa bulangeti. Pofika pa mkuyu tidzati agogo akufuna kutaya madzi, titsika nawo, basi dilu yatha. Giya Wani anyamula. Ine ndiyankhula. Iwe Sipeya ukhala kumutu kwa agogo, uzibuula. Tayesa."

Zangaphee anabuula. Vivian anatulukira kuseri kwa nyumba ndi chikho m'manja.

"Ngati ndi mowa wanga nenani, musandifere pabwalo."

"Mwamva?" anatero Dayilekita. "Talente."

Lachinayi m'mawa Zangaphee anauza Dailesi kuti wapeza ganyu youmba njerwa ku Mlolo. Dailesi anamumangira mtedza wokazinga pakansalu, n'kumuuza kuti asamwe madzi a m'zithaphwi. Mtedzawo unamulemera m'thumba njira yonse.

Kuba kwenikweniko kulibe nkhani. Wantchito anazimitsa pampu, anapita, ndipo Giya Wani anaikumbatira n'kutuluka nayo pampanda wa dimba ngati akunyamula mwana wa ng'ombe. Chokhacho, injini inali itagwira ntchito m'mawa wonse, moti inamuwotcha pamimba, koma ululuwo anaumva atafika kale pamsewu. Kuseri kwa mjigo wakufa anaiveka pampuyo kuti ikhale agogo. Buluku lakale lodzaza udzu, majombo kumapeto kwake, chipewa chaubweya pa thanki ya petulo, bulangeti pamwamba. Anatuluka agogo aafupi, onenepa, a makona anayi.

Dayilekita anaimba foni n'kuiika pokweza mawu kuti anzake amve mmene akatswiri amayankhulira.

"Tikwere Tonse, ndine Petronella. Muli pati?"

"Pa mjigo wakufa, msewu wa ku Zemba. Tili ndi agogo, zinthu sizili bwino. Ine ndine, eee, a Mwale."

"Nambala iyi si ya a Agostino? Munakwera mwezi watha ndi nkhuku ziwiri, imodzi inathawa."

"Ndine ndemwe. Mwale ndi la kuchimuna."

"Chabwino. Agogowo akumva chiyani?"

"Thupi kutentha kwambiri. Sakuyankhula. Kuyenda sangathe."

"Akudya?"

"Amangomwa."

Anagwedeza chala, Zangaphee n'kubuula kamodzi, kochokera pansi pa mchombo.

"Pepani kwambiri," anatero Petronella, ndipo kunamveka choko chikulira pabolodi. "A Evance ali pa sukulu, ndikuwatembenuza. Maminiti makumi awiri."

Minibasi inafika asanakwane n'komwe. Inali ija amanyamulira odwala. Mizere iwiri yakumbuyo anaichotsa n'kuyalapo mphasa, ndipo chitseko chakumbuyo chinali chomangidwa ndi waya chakunja chichitireni ngozi nthawi ya dzinja. Khomo linali limodzi lokha, lam'mbali, lokhala ndi kampando kopinda pafupi pake. Dalaiva, a Evance, munthu wachifundo, anatsika kuti athandize kunyamula.

"Musavutike, sakonda kugwiridwa ndi alendo," anatero Dayilekita.

A Evance ananunkhiza m'mwamba. "Petulo akununkha bwanji?"

"Si galimoto yanu?"

A Evance anaganiza pang'ono, n'kuvomera. Galimoto yawo inkanunkhadi.

Anagoneka agogo pamphasa. Zangaphee anakhala pakona yakumbuyo kwenikweni, dzanja lili pabulangeti kuti lisavundukuke pa mabampu. Dayilekita ndi Giya Wani ananyonyomala uku ndi uku. Galimoto inanyamuka, Zangaphee akubuula pa bampu iliyonse, ndipo kunena zoona ntchitoyo inayamba kumukomera. Anayambanso kuwonjezera katsokomola. Dayilekita anamutsinzinira diso, n'kunong'ona kuti, "Malata, mwana. Malata."

Atayenda ndithu, foni ya a Evance, imene inkakhala yomangidwa ndi mphira pafupi ndi chiwongolero, inayankhula.

"A Evance, pa mphambano ya ku Zingalume pali mayi mmodzi, naye wa ku kiliniki. Simupatuka, ali pamsewu penipeni. Theka la miniti."

"Mayi, mayi," anakuwa Dayilekita kuchokera kumbuyo. "Paja wodwala sadikira?"

"Sakudikira, bambo. Kuyambira Lolemba galimoto ya odwala ikumatola amene ali panjira yake. Ndinaona kuti mipando inayi inkapita yopanda anthu, mafuta omwewo. Ndinamata chidziwitso pachitseko."

"Pansi pa chakale chija?"

"Pansi pake penipeni."

Dayilekita sankakonda kuwerenga mpaka pansi.

Zangaphee anasuzumira pawindo, ndipo kubuula kunamuthera pakhosi. Pamphambano panaima mayi wachikulire, chitenje cha parishi, ambulera yakuda, kamtolo m'khwapa. Anali aNaphiri, amayi ake a Dailesi. Apongozi ake enieni.

Inu a m'tauni mwina muziti nanga pali chiyani. Zaka zinayi za ukwati, Zangaphee anali asanakhalepo mphasa imodzi ndi mayi ameneyu. Akawaona akubwera panjira ankapatukira m'tchire, kaya muli minga kaya chitedze, n'kunyonyomala mpaka adutse. Sanawayang'anepo kumaso, sanadyepo iwo akuona. Akakhala ndi mawu, ankawatuma kudzera mwa munthu wina, ngakhale onse ali pabwalo limodzi. Zinthu zambiri zimene anamuphunzitsa akuluakulu anazitaya panjira, koma ichi chokha chinamulowa m'mafupa. Ndiye lero Mayi Choko, pofuna kupulumutsa mafuta, anali atawatsekera m'chitini chimodzi.

Anakokera chipewa chake kumaso, anatembenukira kukona, n'kudzipinda ngati thumba la chinangwa.

ANaphiri anakwera pang'onopang'ono, anapereka moni kwa onse, n'kukhala pa kampando ka pakhomo kaja. Mawondo awo ndiwo ankawapititsa ku kiliniki, moti anatambasula miyendo yonse iwiri mopingasa khomo, zidendene n'kuzisanjika pa kamtolo.

"Akudwalawo ndi ndani, ana anga?"

"Agogo athu, amayi," anatero Dayilekita. Anagunyuza Zangaphee ndi phazi. Kukona kunali zii. Anamugunyuzanso. Koma munthu ungabuule bwanji ngati mbuzi yobereka pamaso pa apongozi? Zangaphee anangokanikiza mphumi pachitsulo.

Dayilekita anatembenukira kwa Giya Wani n'kumutuzulira maso. Panapita nthawi. Kenaka, pamsewu posalala bwino, popanda bampu ina iliyonse, Giya Wani anatulutsa kubuula kwa nkhunzi, maso ali gwa kwa aNaphiri.

"Kodi odwala ndi ati, agonawa kapena awa?"

"Onse, amayi. Awa ndi chisoni chabe."

Tsoka lake, aNaphiri anali a gulu la amayi oyendera odwala ku tchalitchi, ndipo wodwala sankamudutsa. Anaweramira kumphasa, miyendo ili pomwepo.

"Tavundukulani ndiwaone."

"Kuwala kukuwapweteka m'maso."

"Ndiye ndingowagwira." Analowetsa dzanja kunsi kwa bulangeti. "Mayo ine, thupi lili moto. Ndipo aonda, ndikungogwira mafupa okhaokha. Olimba ngati zitsulo. Mfunda wawo ndani?"

"A Phiri," anatero Dayilekita, kungotola loyamba limene linabwera.

"Ndiye ndi alongo anga awa. Alongo, ndine Naphiri. Limbani mtima, tafika kale."

Kuyambira pamenepo dzanja lawo silinachokenso m'bulangetimo.

Kutsogolo mkuyu unayamba kuoneka, ndi ngolo ya ng'ombe ziwiri pamthunzi pake. Dayilekita anadzuka mpaka kugunda mutu kudenga.

"A dalaiva, pa mkuyupo muime. Agogo akufuna kutaya madzi."

"Anena nthawi yanji?" anafunsa aNaphiri. "Ine sindinamve."

"Timamvana ndi maso."

A Evance sankaima popanda kuuza ofesi. "Mayi Petronella, akuti ndiime pa mkuyu."

"Musaime, kwatsala makilomita awiri okha. Ndawaimbira kale anesi, ali panja ndi njinga ya odwala. Munthu wotentha thupi chotero musamutsitsire padzuwa."

"Kabeseni ndili nako m'kamtolomu," anatero aNaphiri. "Atayire momwemu, tonse ndife akuluakulu."

Minibasi inadutsa mkuyu ili pa liwiro. Zangaphee, ndi diso limodzi la pansi pa chipewa, anaona wogula uja ataimirira pangolo, manja ali m'mwamba, fumbi likumukwirira. Malata anapita ndi fumbi lomwelo. Tsopano Zangaphee ankangopempha chinthu chimodzi, kuti atuluke m'galimotomo apongozi asanadziwe kuti thumba la pakonalo ndi mwamuna wa mwana wawo.

"Ichi n'chiyani?" anatero aNaphiri, dzanja likufufuza. "Chingwe pakhosi, chokhala ndi kamtengo kunsonga. Mwayamba mwapita nawo kwa asing'anga eti?"

"Ayi amayi, chimenecho ndi..."

"Ana inu. Munthu akupita kuchipatala atavala zithumwa? Anesi akaona atikalipira tonse. Zinthu zimenezi ndi zomwe zikuwatenthetsa thupi."

Zangaphee anamva chingwe chikukulungidwa padzanja. Iye ankadziwa bwino lomwe chingwe chimenecho. Ankadziwanso kuti wantchito uja anazimitsa injini pongotsamwitsa mafuta, swichi anaisiya ili yoyatsa, ndipo injini yotentha siifuna kupemphedwa kawiri. Mawu amodzi akanakwana. Koma kukuwira apongozi kuti musakoke, pakamwa pake panakana. Anachita mwa mwambo. Anakodola Giya Wani n'kumunong'oneza.

"Uwauze asakoke."

Giya Wani anagwedeza mutu. Anatembenuka. Anakonza pakhosi, poti ankayankhula ndi munthu wamkulu.

"Amayi, akuti..."

Mkono umene wasinja chimanga zaka makumi asanu unakoka kamodzi kokha.

Agogo anatsokomola. Anatsokomolanso. Kenaka analira kulira kwa dimba lonse, m'kati mwa minibasi yotseka mawindo. Bulangeti linayamba kunjenjemera, utsi wabuluu ukutulukira m'mbali, chipewa chinagwa, majombo akuvina pamphasa pawokha. A Evance anaponda mabuleki, galimoto n'kuima chopingasa msewu.

"A Evance," inatero foni, "ndikumva injini ziwiri."

Dayilekita sanadikire kutsanzika. Anakankha chitseko, anaponda phazi la aNaphiri ndi nsapato yonse, n'kudumphira m'munda wa thonje. Giya Wani anatsatira, bondo lake n'kuthyola ambulera, ndipo anapepesa ali kale panja.

Anatsala Zangaphee. Khomo linali lotsegula, mapazi awiri okha kuchoka pamene anali. Kunja kunali thonje lalitali, kuseri kwake tchire, ndipo pa kuthamanga Sipeya sankagonja kwa munthu. Nkhope yake inali isanaonekebe. Akanatha kufika kunyumba madzulo, matope a njerwa atadzipaka m'miyendo, Dailesi n'kumuthirira madzi osamba. Koma pakati pa iye ndi khomo panali miyendo iwiri ya aNaphiri, ili chitambasukire, ngati sikunachitike kanthu. Anayesa windo, linali lokwana mutu wokha. Anakankha chitseko chakumbuyo, waya uja anagwira. Anayang'ananso miyendo ija. Kuti atuluke anayenera kuidumpha.

Anatambasula dzanja, anazimitsa pampu, n'kubwerera pakona pake, nkhope kukhoma.

Utsi unkatuluka pang'onopang'ono pakhomo. A Evance anafotokozera ofesi zimene maso awo ankaona, ndipo anachita kubwereza kawiri.

"Pampu yofiira?" anafunsa Petronella. "Wantchito wa a Maybin waimba posachedwapa, akufuna njinga yopita kupolisi. Dikirani." Choko chinalira. "Athawira mbali iti? Kumanzere? Kumeneko njira yotulukira ndi imodzi, pa mlatho. Ndili ndi njinga ziwiri zopanda anthu chakumeneko."

Akuti Dayilekita anathamanga mpaka matumba awiri a jekete anatsala paminga. Potulukira pa mlatho, malilime ali kunja, anapeza njinga yamoto ikulira, ngati Mulungu wamva.

"A Agostino eti? Kwerani."

Iye anakwera, n'kuuza woyendetsayo kuti afulumire. Atayenda kamtunda m'pamene anafunsa kuti kodi dzina lake alidziwa bwanji. Giya Wani yekha sanavutitse munthu. Njinga yachiwiri inamupeza akadaonekabe kuchokera pa minibasi. Kuyambira pamene chitseko chinatseguka mpaka onse awiri atakwezedwa panapita maminiti khumi ndi imodzi, ndipo Tomasi akuti Mayi Choko amaitchulabe nambala imeneyi akamakalipira madalaiva ochedwa.

A Evance anapitiriza ulendo, poti aNaphiri anali ndi mawondo oti akaonetse. Pa kiliniki anapezadi anesi awiri ali panja ndi njinga ya odwala. Atamva nkhani yonse anaseka mpaka kugwirana mapewa, kenaka anakweza pampu panjingapo, poti inali yolemera, n'kuikankhira pamthunzi kudikira apolisi.

ANaphiri sanatsike msanga. Anatembenuzira nkhope kuwindo, msana kukona.

"A Evance."

"Amayi."

"Muwafunse bambo ali kumbuyowo ngati njerwa za ku Mlolo zauma."

A Evance anayang'ana kumbuyo. Thumba la chinangwa lija linayankha ndi mawu aang'ono.

"Muwauze kuti sizinaume."

"Muwauze asunthe pang'ono nkhope, nditsike. Akhala nthawi yaitali."

Anapinda miyendo, anatsika, n'kulowa kukapimitsa mawondo. Zangaphee anatuluka iwo atalowa, ndipo anakakhala yekha pafupi ndi pampu, manja pamutu, mpaka apolisi anafika.

Dayilekita ndi Giya Wani nkhani yawo inapita kukhoti. Zangaphee anagona m'chitokosi masiku atatu, kenaka a Maybin, atamva kwa a Evance kuti ndi iye anazimitsa injini isanapse chifukwa cholira popanda madzi, anati ameneyo amusiye, akambirana naye kumudzi. Koma mlandu umene Zangaphee ankauopa sunali umenewo.

Loweruka lotsatira abale a Dailesi anasonkhana pabwalo. Zangaphee anamukhazika patali, pansi. Dailesi anali pakhonde, Tadala ali kumsana, osayang'ana kwa mwamuna wake ngakhale kamodzi. Atsibweni anayankhula mwachidule monga mwa masiku onse. Anati mawu anaperekedwa chaka chatha, munthu wawaphwanya yekha, dzuwa lisanalowe akhale atanyamuka.

"Ndiyankhuleko, alongo," anatero aNaphiri. Anali atakhala chofulatira, koma anatambasula phazi limodzi kuti onse alione. Linali lotupa ngati dzungu. "Ili anaponda ndi wa jekete uja. Ambulera yanga anathyola ndi mnzake. M'galimotomo munali amuna atatu. Wachitatuyo khomo linali lotsegula, tchire lili pompo, ine dzina lake ndisanalitchule. Akanangodumpha miyendo yanga, lero sitikanakhala pano. Anakhala pansi kudikira apolisi."

"Koma ndi wakuba, mlongo."

"Ndi wakuba, inde. Wopusanso. Zimenezo khasu lingachotse. Koma ine ndili ndi akamwini atatu pamudzi pano, ndipo awiri enawo sindikudziwa kuti akanatani."

Akamwini awiri aja, amene anabwera kudzaonerera, anayamba kuyang'ana nyerere pansi.

Atsibweni anakanda m'mutu nthawi yaitali. Pomaliza anati munthuyo akhale, koma chilimwe chonse akathirire matimati a a Maybin, mwini dimba akavomera. A Maybin anavomera ndi manja awiri, n'kuwonjezapo kuti azithirira ndi ndowa, pampu asaiyandikire. Ndiye chaka chimenecho anthu odutsa kudimbako ankaona pampu yofiira ikupopa mbali imodzi, mbali inayo Sipeya akukwera ndi kutsika kumtsinje, ndowa ziwiri m'manja. Dailesi anakhala masabata awiri osamuyankhula. Sabata lachitatu anamumangira mtedza pakansalu, n'kumuuza kuti akabwereko msanga, denga likufuna udzu watsopano mvula isanagwe.

Tomasi anathera pamenepo, n'kundipatsa njinga yanga. Iye amalumbira kuti aNaphiri sankadziwa kanthu mpaka injini italira, kuti anayesadi chingwe chija chithumwa. Zina zonsezo ndingavomere, ngakhale za Dayilekita kukwera yekha njinga imene inatumidwa kudzamugwira, poti anthu otere ndakumana nawo. Koma kuti mayi amene wakalambira m'madimba agwire thanki ya petulo n'kuiyesa mphumi ya munthu, ine ayi. Ndikuganiza kuti mkamwini wawo anamuzindikira asanakhale n'komwe pansi, ndipo miyendo ija anaipingasa dala. Tomasi akuti ndikuwonjezera nkhani ya eni. Mwina. Koma za chithumwazo sindikuzikhulupirira.